Kudula matabwa ndi macheka a magetsi popanda kutaya chala

Kalipentala wa kuno ku Chipata akangopeza kangachepe, chida choyamba chimene amathamangira kugula ndi macheka a magetsi a m'manja, aja a bledi yozungulira. Sitingamunene. Nyumba zikumangidwa ku Kapata, ku Mchini, ku Kalongwezi ndi m'mbali mwa msewu wopita ku Mwami, ndipo iliyonse ikufuna denga, zitseko ndi makabati. Wodula ndi sowo wamanja amatsalira. Koma ambirife macheka amenewa tinawaphunzira poonera mnzathu, mnzathuyo nayenso anaonera wina, ndipo zizolowezi zoipa zinabwera nawo limodzi.

Macheka ofala m'mashopu athu ndi a bledi ya mamilimita 185, imene ena amaitchula kuti ya mainchesi 7¼. Mota yake imakhala ya mawati 1,200 mpaka 1,600, ndipo bledi imazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pa mphindi imodzi. Mukawerengera bwino, nsonga ya dzino lililonse imathamanga makilomita opitirira 170 pa ola. Palibe dzanja lingathawe liwiro limenelo. N'chifukwa chake zambiri zimene ndalemba pano ndi zochita macheka asanalire.

Yambani pulagi ili kunja kwa soketi

Ngati macheka anu ndi a batire, chotsani batire. Kenako gwirani kachitsulo kokokera chotchinga chapansi cha bledi, chija amisiri amati gadi, kokani mpaka kumapeto, n'kusiya. Chiyenera kubwerera chokha nthawi yomweyo, kumveka kuti tcha! Chikamabwerera mozengereza, ndiye kuti utuchi wosakanikirana ndi utomoni wa paini waumira mkatimo, kapena sipuling'i yatopa. Chotsani utuchiwo ndi burashi muyesenso. Chikakana, macheka amenewo sagwira ntchito lero.

Pa malo ambiri omanga mudzapeza chotchingachi chitamangidwa ndi waya kapena chitapanidwa ndi kamtengo, ati chimachedwetsa ntchito. Taganizani zimene zimachitika munthu akamaliza kudula n'kuika macheka otere pansi bledi isanaime. Mano amagwira pansi, macheka n'kuyamba kuyenda okha chobwerera m'mbuyo, kumene kuli mapazi a mwini wake, amene nthawi zambiri amakhala atavala mapatapata. Mukabwereka macheka kwa mnzanu n'kupeza waya pamenepo, masulani musanachite china chilichonse.

Tsopano bledi. Izungulitseni pang'onopang'ono ndi dzanja mukuyang'ana dzino lililonse. Ya mano oguluka, ya ming'alu kapena yopindika itayeni, musaisungire mawa. Bledi ya mano 24 ndi yodulira matabwa a denga ndi kung'amba thabwa m'litali. Ya mano 40 mpaka 60 ndi ya pulaiwudi ndi bulokubodi, chifukwa siinyenya m'mphepete. Yobuntha mudzaidziwa ndi fungo lopserera, mizere yakuda pa thabwa, ndiponso mphamvu zimene mukuwononga pokankha. Mitengo yolimba ngati mlombwa ndi mbawa imabunthitsa bledi msanga, pamene paini amaipaka utomoni, umene umachoka ndi kansalu konyowetsa palafini.

Pomanga bledi yatsopano, muvi wolembedwa pa bledi ulozane ndi muvi wa pa chotchinga chapamwamba. Muviwo ukafufutika, kumbukirani kuti mano a kutsogolo amaloza m'mwamba. Bowo la pakati likwanire bwinobwino pa chitsulo chake. Mabledi ena ndi a bowo la mamilimita 20, ena 30, ndipo ya bowo lalikulu imafuna kamphete kake kochepetsera, osati kungoimanga ndi mphamvu n'kumati yagwira. Pa bledi palinso nambala ya liwiro limene singapitirire. Nambalayo isachepere liwiro la macheka anu. Mangani ndi sipanala yake, sipanalayo muichotse.

Zovala ndi magetsi

Za zovala sindichedwapo. Magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, chophimba mphuno ndi nsapato zolimba. Phokoso la macheka amenewa limafika pa madesibelo 100, pamene makutu amayamba kuwonongeka kuyambira pa 85 munthu akamalimva nthawi yaitali. Malaya a manja olendewera pindani kapena vulani. Magolovesi ndi abwino ponyamula matabwa ndi posintha bledi, koma otaya m'manja ndi oopsa podula, chifukwa dzino likakola nsalu limakoka ndi dzanja lomwe.

Magetsi a ZESCO ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu woima pa dothi lonyowa. Chingwe chowonjezera chikhale cha waya wokhuthala 1.5 mm² kapena kuposerapo, ndipo chikakhala chachitali kwambiri, monga chokoka magetsi kwa aneba kufika pa nyumba imene ikumangidwa, pezani cha 2.5 mm². Chingwe chopyapyala chimatentha, mota n'kumalira mofooka, bledi n'kumagwidwa m'thabwa. Cha pa gudumu chitambasuleni chonse ngakhale mukudulira pafupi, chifukwa chokulungika chimasunga kutentha. Za kulowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi n'kuwapana ndi timitengo ta machesi, kapena kukulunga polumikiza ndi pepala la pulasitiki, zilekeni. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, dulirani pansi pa denga, chingwe chisagone m'madzi.

Kuthimathima kwa magetsi kuli ndi msampha wakewake. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene amisiri ankagwirira ntchito mothamanga maola ochepa aja malaiti akabwera. Magetsi akathima muli pakati podula, chotsani chala pa switchi, tulutsani pulagi, ndiye muchotse macheka m'thabwa. Amene amamanga switchi ndi mphira kuti chala chisatope amakhala atatchera aliyense amene adzakhale pafupi magetsi akabwerera. Ogwiritsa ntchito jenereta adziwe kuti mota imakoka mphamvu zambiri poyamba kuzungulira kusiyana ndi zimene zalembedwa pa chikwangwani chake, choncho kajenereta kakang'ono koyatsira mababu sikangakwanitse. Ine ndimalangiza jenereta ya mphamvu ya 2.5 kVA kupita m'mwamba.

Thabwa ligone bwanji

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ngozi zambiri za macheka amenewa zimayamba bledi ikapanidwa m'thabwa. Mpata umene bledi yadula ukatsekeka kumbuyo kwake, mano a kumbuyo amaluma thabwa, ndipo mphamvu yonse ya mota imanyamula macheka n'kuwaponyera kwa wodulayo. Zimachitika ngati mmene ng'ombe ya pa ngolo imaponyera theche, simuona pamene yayambira. Mphamvu za mikono sizithandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kugoneka thabwa mwanjira yakuti mpatawo uzitseguka pamene mukudula.

Choyamba liyang'aneni thabwalo. Matabwa amene anagwirapo kale ntchito yothirira konkire amakhala ndi misomali yodukira mkati ndi simenti youma, ndipo zonsezi zimagulula mano. Zulani misomali, palani simenti. Onani pamene pali mfundo, chifukwa pamenepo bledi imachepetsa liwiro mwadzidzidzi. Paini wochokera ku minda ya mitengo ya ku Copperbelt, monga ya kampani ya ZAFFICO, akauma bwino savuta. Koma bulugamu ndi malaina amene timagula kwa ocheka a m'midzi nthawi zambiri amafika ali aawisi, ndipo thabwa laliwisi limadzipotokola pamene mukulidula, n'kupana bledi ngakhale mwaligoneka bwino.

Ikani mabenchi awiri odulirapo pa malo osalala, otalika kufika cha m'chiuno kapena kutsikirapo pang'ono. Thabwa ligone pa mabenchi onse awiri, ndipo mbali imene mukudula itulukire kunja kwa benchi, kuti chidutswa chigwe chokha pansi. Musadule pakati pa mabenchi awiriwo. Ndibwereze, chifukwa ili ndilo phunziro limene anthu amaliphunzira ndi magazi: thabwa lotsamira uku ndi uku mukalidula pakati, mbali zonse ziwiri zimagwera mkati, pamwamba pa mpata n'kutsekeka, bledi n'kupanidwa pomwe mwatsala pang'ono kumaliza.

Mbali yotsala pa benchi ipanidwe ndi kalampu. Bondo si kalampu, phazi si kalampu, ntchafu si benchi. Bledi ya mamilimita 185 imatuluka pansi mamilimita opitirira 60, ndipo m'ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi.

Womuthandiza naye amafuna malangizo. Mnyamata wophunzira ntchito, pofuna kuoneka wakhama, amathamangira kugwira nsonga ya chidutswa n'kufunsa kuti, "Ndinyamule kuno, abwana?" Mmisiri wodziwa amayankha kuti, "Iyayi mphwanga, chisiye chigwe chokha." Akanyamula nsongayo ngakhale pang'ono, mpata umatsekeka. Chidutswa chikakhala chachitali ndi cholemera moti chingang'ambe thabwa pogwa, ikani benchi lachitatu pansi pake lotsikirapo pang'ono, kapena mnyamatayo angoika manja pansi pake osakweza.

Pulaiwudi ndi bulokubodi, zija za mamilimita 1,220 m'lifupi ndi 2,440 m'litali, zimafuna njira ina. Yalani matabwa anayi owongoka pansi kapena pa mabenchi, awiri mbali iyi ya mzere, awiri mbali inayo, ena mwa iwo ali pafupi ndi mzerewo. Mukatero mbali zonse zimakhala pamalo pake mpaka mutamaliza. Nkhope yabwino ya bodi iyang'ane pansi, chifukwa mano amadula chokwera ndipo kunyenyeka kumaoneka pamwamba.

Kuya kwa bledi ndi mzere

Pulagi ikadali kunja, ikani macheka m'mphepete mwa thabwa, kwezani chotchinga, masulani chomangira kuya, n'kutsitsa bledi mpaka itatuluka pansi pa thabwa mamilimita 3 mpaka 6 okha, osakwana dzino lathunthu. Mangani zolimba. Anthu ambiri amasiya bledi yonse itatuluka kuyambira tsiku limene anagula macheka, kaya akudula thabwa la denga kaya pulaiwudi wopyapyala. Bledi yotuluka kwambiri imakhala ndi malo aakulu opanidwa, ndiponso mano ambiri amakhala poyera pansi pa thabwa pamene maso anu sakuona. Yang'ananinso chomangira kupendeka kwa bledi, chikhale pa 0 ndipo chomangika.

Pimani ndi tepi, lembani mzere ndi pensulo ndi sikweya, n'kuika kachizindikiro mbali yotaya. Bledi imadya mamilimita 2 kapena 3, choncho idutse mbali yotayayo, mzere utsale pa thabwa lanu. Pa macheka ambiri a chingwe bledi ili kumanja, mota kumanzere. Chitsulo chophwatalala chapansi n'chotambalala mbali ya mota, ndipo mbali imeneyo ndiyo ikhale pa thabwa lopanidwa, osati pa chidutswa chimene chigwe.

Kudula

Ponyani chingwe kumbuyo kwanu, muone kuti chili ndi utali wokwanira kufika kumapeto osakoka. Chotsani zidutswa pamene mupondepo. Ana a pamalopo, amene amakonda kudzatola timatabwa, apite kutali. Tsopano lowetsani pulagi.

Imani pambali pa mzere wa bledi, osati kumbuyo kwake, kuti macheka akadumpha adutse pambali panu. Miyendo italikirane pang'ono. Dzanja limodzi pa chogwirira cha switchi, linalo pa chogwirira chakutsogolo. Manja onse awiri akakhala pa macheka, palibe limene lingapezeke pa njira ya bledi.

Khazikani kutsogolo kwa chitsulo chapansi pa thabwa, bledi isanakhudze. Dinani switchi, dikirani kulira kwa mota kukhazikike, ndiye mukankhe. Chotchinga chidzatseguka chokha pokhudza thabwa. Kankhani mwachifatse mukumvetsera. Kulira kukayamba kutsika, mukukankha kwambiri, chepetsani. Chitsulo chapansi chigone chonse pa thabwa mpaka kumapeto. Mukaona kuti mwaphonya mzere, musapotoze macheka kuti abwerere, bledi siikhota. Imani, yambaninso. Musapititse dzanja pansi pa thabwa kuti mumve ngati bledi yatulukira, ndipo musachotse utuchi pa mzere ndi chala, uzirani.

Chidutswa chikagwa, chotsani chala pa switchi, gwiranibe macheka ndi manja awiri mpaka bledi itaima, onani kuti chotchinga chatseka, ndiye muwaike pansi.

Bledi ikagwidwa pakati

Chotsani chala pa switchi koma musasunthe macheka. Kuwakokera m'mbuyo bledi ikuzungulira ndiko kumawapatsa mpata wokwera pamwamba pa thabwa n'kubwera kwa inu. Bledi ikaima, tulutsani pulagi mufufuze chimene chachitika: thabwa lagwera mkati, mwakumana ndi msomali, kapena mtengo wadzipotokola. Khomerani kathabwa kosongola mu mpata kumbuyo kwa bledi kuti utseguke. Poyambiranso, bledi ikhale pakati pa mpata, ibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mano asakhudze mtengo, ndiye mudine switchi.

Kung'amba thabwa m'litali ndiko kumagwiritsa bledi kawirikawiri, makamaka bulugamu wamuwisi. Gwiritsani ntchito kachitsulo kolondolera kamene kamabwera ndi macheka, kapena panani thabwa lina lowongoka pamwamba kuti chitsulo chapansi chizitsamira. Konzeranitu timatabwa tosongola tiwiri kapena titatu m'thumba. Macheka ena amabwera ndi kachitsulo kopyapyala kumbuyo kwa bledi kamene kamaletsa mpata kutsekeka. Ngati anu ali nako, musakachotse.

Podula mopendeka, monga madigiri 45 pa nsonga za matabwa a denga, chotchinga nthawi zina chimakola m'mphepete mwa thabwa. Kwezani ndi chala chachikulu pa kachitsulo kake kokokera, ndipo bledi ikangolowa mukasiye. Dziwaninso kuti mukapendeketsa, kuya kumachepa, kumafika pa mamilimita pafupifupi 45.

Pali ntchito zina zimene macheka amenewa si ake. Kachidutswa kakafupi kosatheka kupana, dulani ndi sowo wamanja. Nkhuni ndi mitengo yobulungira zimagubuduzika. Ndipo za kukwera nawo pa denga, phazi limodzi pa khoma lina pa thabwa, dzanja limodzi likugwirira, sindikuvomereza ngakhale mwini nyumba akufulumizitseni bwanji. Pimani pamwamba, dulirani pansi, kwezani zodulidwa kale. Nsonga zofunika kulinganiza denga litakhomedwa, sowo wamanja amamaliza.

Galainda si macheka

Chizolowezi china chafala kwambiri, chomanga bledi ya matabwa pa galainda yodulira zitsulo pofuna kupulumutsa ndalama. Galainda yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, kuwirikiza kawiri macheka. Ilibe chitsulo chapansi chotsamira pa thabwa, ilibe chotchinga chodzitsekera chokha, ndipo ena amachotsa ndi chotchinga chake chomwe kuti bledi yaikulu ikwane. Dzino likaluma mfundo, chida chonse chimachoka m'manja chikulirabe. Ngati ndalama ya macheka sinakwane, bwerekani, kapena pitani ndi matabwa anu kwa amene ali ndi makina mukawalipire.

Poweruka

Tulutsani pulagi pogwira pulagiyo, osati kukoka chingwe, ndipo musanyamule macheka polendewetsa ku chingwe. Chotsani utuchi m'mabowo opumira mota ndi mkati mwa chotchinga. Mukaona moto wambiri ukuthetheka mkati mwa mota, makaboni, timakala tiwiri topatsira mota magetsi, atha, sinthani onse awiri. Sungani macheka pouma, pamene ana sangafike. Zidutswa za matabwa obiriwira aja, othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, musapatse anthu kuti akaphikire, utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni. Amene akufuna kuphunzira ntchitoyi mwadongosolo angafunse za maphunziro a ukalipentala ku Chipata Trades Training Institute kapena ku sukulu zina zovomerezeka ndi TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja.

Wina akadzicheka

Zimitsani macheka kaye. Dinikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, kwezani dzanjalo pamwamba, ndipo musamachotse nsaluyo kuti muone ngati magazi aleka. Ikanyowa onjezani ina pamwamba pake. Musathire mafuta a galimoto, phulusa kapena utuchi pa bala. Chala chikaduka, chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikeni m'pulasitiki yomanga bwino, pulasitikiyo muiike m'madzi ozizira okhala ndi ayezi, chalacho chisakhudzane ndi ayeziyo. Wovulalayo asayendetse yekha njinga kapena galimoto. Muli m'tauni pitani naye ku Chipata Central Hospital, muli ku Katete, Petauke kapena Lundazi thamangirani ku chipatala chachikulu chapafupi, ndipo mukafika muwauze a chipatala nthawi imene ngoziyo yachitika. Ngakhale bala looneka laling'ono likaonedwe, chifukwa bledi imalowetsa utuchi ndi dzimbiri mkati, ndipo mufunse za jakisoni wa kafumbata.